Nyimbo za Amalume Zimene Ndinapereka ku Romania

Abale ndi alongo a m'chiyanjano chathu cha ophunzira, ndikuthokozani pondipatsa mpata. Ndine Limbikani, kwathu ndi ku Katete, ndipo ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamakompyuta. Ambiri mumandidziwa monga munthu amene ankakupezerani mabuku ndi mafilimu osowa, ndipo ena muli ndi zinthu m'mafoni mwanu zimene zinadutsa m'manja mwanga. N'chifukwa chake ndasankha kulankhula pamaso panu, osati kwina. Sindinaledzere, sindinamangidwe. Ndinatenga chinthu chimene sichibwezeka, kwa munthu amene anandisunga ngati mwana wobereka yekha.

Nditabwera ku Lusaka ndinafikira ku Chelstone, kwa amalume anga aTembo, alongo awo a mayi anga. Anapuma ntchito ya m'ofesi ku Longacres, ndipo anali mkulu wa mpingo wathu wopembedza pa Sabata. Akazi awo, mayi Jesina, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Amalume anandipatsa chipinda ndi kiyi wa nyumba tsiku loyamba lomwe, osandifunsa malonjezo.

M'chaka choyamba, mnzanga wa m'kalasi, Mwila wa ku Copperbelt, anandionetsa tsamba lina la pa intaneti la anthu a ku Romania, logawana mafayilo mwa njira ya torenti. Linali lotseguka: aliyense ankalembetsa. Kwa amene simuidziwa njirayi, fayilo siikhala pamalo amodzi. Mumaitenga zidutswazidutswa kuchokera m'makompyuta a anthu amene ali nayo kale, ndipo pamene mukutenga, kompyuta yanu imaperekanso kwa ena. Anthu aja anali ndi lamulo lolemekezeka kuposa onse: zimene wapereka ziyenera kulingana ndi zimene watenga. Mlingo umenewu amautcha reshiyo. Wotenga osapereka amamutcha msundu, ndipo amamutsekera khomo.

Ndinayamba ndi mabuku a kukoleji, ndipo ndinkadziuza kuti ndi njala ya maphunziro. Kenako mafilimu. Kenako chilichonse chimene chaonekera, ngakhale chimene sindikanaonera n'komwe. Ndinkakhala kumbuyo m'kalasi laputopu ili yotsegula, maso ali pa timizere toyenda, mphunzitsi akulankhula yekha. Koma intaneti ya ku Romania ndi yothamanga kwambiri. Pamene laputopu yanga, pa netiweki ya pakoleji, inkakonzeka kupereka kachidutswa kamodzi, iwo anali atagawana kale fayilo yonse. Reshiyo yanga inatsika, ndipo chenjezo lofiira linaonekera pambali pa dzina langa.

Ndinadandaulira Mwila tikudya pakantini.

"Iwe Limbi, sungapikisane nabo ku sipidi," anatero. "Bapase chamene balibe. Vintu vakuno, vakudala, vamene sibanamvepo. Baja bazungu bamavikonda monga uchi."

Sindikumuimba mlandu Mwila. Iye analankhula mwanthabwala n'kuiwala. Ine ndinasunga.

Lamlungu lina masana amalume anatsitsa katoni ya nsapato pamwamba pa kabati. Munali makaseti khumi ndi imodzi, ndi chithunzi cha anyamata asanu atavala malaya osamanga mabatani. Wapakati, wa tsitsi lalikulu ndi gitala, anali iwowo. Anandiuza chimene mayi anga sanandiuzepo: asanabatizidwe ankaimba nyimbo zovina za kalindula m'mabala a ku Kabwata ndi ku Chunga.

"Mphwanga," anatero, "mu makaseti umu muli nyimbo imodzi ya Jesina. Anaipeka yekha tikalibe kukwatilana, anaimba yekha, ine n'kungomukhwazila gitala pansipansi. Sinikumbukila ni kaseti iti. Uipeze, uniikile mu foni tepi ikalibe kuola. Zinazo ni za munthu amene anamila mu madzi a ubatizo. Tizazitentha."

Kuti ndipeze nyimbo imodziyo, ndinayenera kumvetsera makaseti onse. Ndinalumikiza wailesi yawo yakale ku laputopu, ndipo popeza ndinkamvetsera, ndinati ndizijambuliratu nyimbo zonse. Umu ndi mmene ndinadziuzira. Nyimbo ya mayi Jesina ndinaipeza pa kaseti yachisanu ndi chiwiri, ndinaiika m'foni mwa amalume, ndipo anaimvetsera ataika dzanja pamaso. Tsiku lotsatira tinatentha makaseti onse kuseri kwa nyumba. Iwo ankatakasa moto ndi kamtengo, ine ndinkawapatsira imodzi imodzi, ndikudziwa kuti nyimbo zonse zili m'chikwama changa m'chipinda.

Mlungu usanathe ndinaziika pa tsamba lija. Sindinachite mwachangu kapena mosokonezeka, abale anga. Ndinachita mwaluso. Ndinayeretsa phokoso la tepi, ndinalemba maina a nyimbo, ndinajambula chithunzi chija n'kuchiphatikiza, ndinalembanso dzina la woimba, chifukwa malamulo a tsambalo ankafuna kuti chopereka chikhale ndi mbiri yake yonse. Ngakhale nyimbo ya mayi Jesina ndinaiikamo, pakuti anthu aja salemekeza chosonkhanitsa chosakwanira. Ndinkaganiza kuti Romania ndi kutali, ndipo palibe wa ku Chelstone amene adzafikeko.

Ulemu unabwera. Chenjezo lofiira linachoka. Anthu amene sindidzawaona nkhope analemba mawu othokoza m'chinenero chawo, ndipo ndinaphunzira kuwayankha. Anandikweza udindo, dzina langa linasintha mtundu. Tsambalo linkaperekanso mapointi pa ola lililonse limene munthu wasunga fayilo yosowa ili yotseguka kwa ena, ndipo fayilo yanga inali yosowa kuposa zonse. Ndinkayenda pakoleji pano ngati munthu wodziwika kunja.

Patapita miyezi inayi, madzulo ena dzuwa likadalipo, ndinakwera minibasi pafupi ndi City Market. Dalaivala anakweza sipika, ndipo ndinamva gitala imene ndinkaidziwa. Kenako mawu a amalume, achinyamata, oseka: mukazi wa munzako awama pa Chiwelu. Kuwama ndi kukoma, ndipo Chiwelu, monga mudziwa, ndi Loweruka, tsiku limene amalume ankaimirira pa guwa. Kondakitala ankavomereza nyimboyo akumenya chitseko. Munthu wina anali ataitenga pa tsamba lija n'kuiika pa masamba a mavidiyo pamodzi ndi chithunzi, ndipo achinyamata anali atadula kolasi yake n'kumavinira.

Mayi wina amene anakhala patsogolo panga anasuzumira foni ya mnzake.

"Iyi nkhope niiziba ine. Si ba elda Tembo aba?"

"Awe, ba elda na sisi yonse iyi?"

"Ndiye beve! Ona mpuno. Mayo ine, pa Chiwelu pamene!"

Basi yonse inaseka. Inenso ndinamwetulira, kuopa kuti angandione.

Kunyumba ndinapeza amalume atakhala pabalaza, Baibulo lili lotseka pamiyendo. Akomiti a mpingo anali atawaimbira kale. Sanandikayikire ngakhale pang'ono, pakuti anaona ndi maso awo makaseti akupsa. Maganizo awo anapita kwa aMulenga, amene ankaimba ng'oma m'gulu lija, nkhalamba yodwala shuga ya ku Chunga, imene amalume ankaiyendera mwezi uliwonse.

"Ni Mulenga," anatero. "Ndiye yekha angakhale na makopi."

Anawaimbira foni pomwepo. Ine ndinaima pakhomo la khichini ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndinamva amalume akuuza mnzawo amene anadziwana naye kwa zaka makumi anayi kuti asadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale pa maliro awo. Atadula foni ndinawapatsa tiyi uja, ndipo anati, "Zikomo mphwanga, iwe ndiwe wanitsalila."

Pamenepo ndiye pansi penipeni, abale anga. Ndinakhala chete milungu itatu. Ndinkadya chakudya chawo, ndinkawanyamulira Baibulo popita kutchalitchi, ndinkaona anyamata a kwaya akugwedezana zigongono iwo akamadutsa. Amalume anasiya kukhala kutsogolo. Anasiyanso kumvetsera nyimbo ya mayi Jesina.

Mkwiyo umene ndinayenera kudzikwiyira ndinautumiza ku Romania. Ndinalembera mmodzi wa oyang'anira tsambalo, wotchedwa Mihai, kalata yaukali m'Chingerezi. Ndinawatcha akuba, odyera masuku pamutu anthu osauka, ndipo ndinalamula kuti afafanize zonse. Kalatayo ndinailemba bwino, ndipo ndinadzimva wolungama poitumiza.

Yankho linandipeza m'laibulale, Lachitatu m'mawa. Linali lalifupi ndi laulemu, ndipo ndilinena m'Chichewa. Mihai anati wamva chisoni ndi zimene zachitikira mkuluyo, ndipo wachotsa kale tsamba la fayiloyo. Koma anandikumbutsa chimene ndinkachidziwa bwino: torenti siifa pochotsa tsamba. Imakhala ndi moyo malinga ngati pali kompyuta imene ili ndi fayilo yonse ndipo ikuperekabe. Anati ambiri anatenga n'kuchoka. Otsala amene akupereka fayilo yonse ndi atatu. Awiri ndi a ku Romania, ndipo wawalembera kuwapempha kuti asiye. Wachitatu wakhala akupereka kuyambira tsiku loyamba mpaka m'mawa womwewo, ndipo pambali pake pali mbendera ya Zambia. "Ameneyu sindinamulembere," anamaliza motero, "chifukwa ndiye wandilembera."

Ndinawerenganso mawu amenewo. Kenako ndinatsegula pulogalamu ya torenti, imene inkadziyambitsa yokha laputopu ikayaka. Fayilo ya amalume inali pamwamba penipeni, ndipo kamuvi kobiriwira kankaloza m'mwamba. Pa mphindi yomweyo, ndili pa mpando wa m'laibulale, laputopu yanga inali kutumiza chidutswa kwa munthu wina wosadziwika. Ndinadina kuti ndione kuti ndi chidutswa chiti. Chinali cha kaseti yachisanu ndi chiwiri.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinali nditaiwala. Sindinaiwale. M'mawa uliwonse wa milungu itatu ija ndinkauona muvi umenewo, ndipo ndinkauleka, chifukwa ola lililonse linkandionjezera mapointi, ndipo kusiya kupereka fayilo yako yomwe kunali chamanyazi pakati pa anthu aja. Ndinkadziuza kuti poti zafalikira kale, kompyuta imodzi siisintha kanthu. Ndinkaopa kuchita manyazi pamaso pa alendo amene sadziwa ngakhale dzina langa lenileni, kuposa kuchita manyazi pamaso pa munthu amene anandipatsa kiyi wa nyumba yake. Pamene amalume ankatukwana mnzawo pa foni, laputopu inali yoyaka m'chipinda mwanga, ikugawa mawu awo.

Ndinaimitsa fayiloyo. Ndinatseka laputopu, ndinasiya kalasi ya masana, ndinakwera basi ya ku Chelstone.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthirira repu, pafupi ndi pamene tinatenthera makaseti. Ndinagwada pa dothi lonyowa, ndipo ndinanena zonse mwadongosolo, osasiya kanthu. Sanandidule. Madzi ankangotuluka m'paipi mpaka anadzaza bedi lonse la ndiwo.

"Pamene n'naimbila Mulenga, unali kuti?"

"Ndinali pakhomo la khichini, amalume."

"Unamva zonse."

"Ndinamva."

"Na tiyi unanipatsa."

"Ndinakupatsani."

Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Na ya Jesina?"

"Nayonso, amalume."

Anapita kukatseka mpopi. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ndipo ndikanakondwera. Koma anangoti, "Pukuta mawondo. Tiyenda ku Chunga."

Tinakwera basi. Tinapeza aMulenga atakhala panja pa mpando wapulasitiki, phazi lotupa ataliika pa chidebe. Amalume, mkulu wa mpingo, wovala jekete, anagwada pafumbi pamaso pa woimba ng'oma. Ine ndinagwada kumbuyo kwawo.

"Imilila iwe Tembo, uzanionongela dzina mu komboni," anatero aMulenga. "Bantu bazakamba ati nakhala mufumu. Ine foni yanga ni ya mabatani, intaneti naiziba kuti? N'nafuna kukuuza, koma unali kukamba monga wailesi, kulibe pongenela."

Amalume atafotokoza, nkhalambayo inandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe wamene unatipeleka ku Ulaya? Ng'oma zanga zimveka bwino kuja?"

Kuseka kunachoka pankhope pawo.

"Mwaiche, ine nakhala milungu itatu kuganiza kuti nizafa munzanga alibe kubwela kunishika kumanda. Iyo nayo uiike pa intaneti."

Tsopano ndinene zimene ndinachita pobwerera, chifukwa kulira kokha sikukonza kanthu. Ndinafafaniza nyimbo zonse m'laputopu ndi pa diski yosungira, amalume akuona. Ndinalembanso kwa Mihai kupepesa chifukwa cha kalata ija, ndipo ndinalemba poyera pa bwalo la zokambirana la tsambalo kuti nyimbo zija ndinaziba kwa mwini wake, ndipo ndikupempha aliyense amene ali nazo azifafanize. Ena anandinyoza, ena anayankha kuti afafaniza, ambiri sanayankhe. Awiri aja anasiya kupereka, ndipo torentiyo inafa. Ndinapempha kuti akaunti yanga itsekedwe ndi mapointi ake onse, ndipo ndinachotsa pulogalamu ija. Masamba a mavidiyo ndinawalembera limodzi limodzi. Ena anachotsa, koma nyimbo ya Chiwelu ikumvekabe m'mabasi ena, ndipo ndikaimva ndimatsika pa siteji yotsatira.

Ndinapitanso kwa akomiti a mpingo kukanena kuti amalume sanatulutse nyimbozo, ndine. Komabe amalume anatula pansi udindo mwa kufuna kwawo. Anaimirira pa Sabata n'kunena kuti mawu aja ndi awo, nyimbo anaipeka okha, ndipo sadzanamizira kuti munthu ameneyo sanakhaleko. Ine ndinakhala pa benchi yakumbuyo, ndikudziwa kuti ulaliki umenewo ndinawakakamiza ndine.

Anandiuza kuti ndi bwino ndikakhale kwina. Ndinabweza kiyi, ndipo ndinasamukira ku Kabwata, m'chipinda chimene ndimagawana ndi Mwila. Mabuku tsopano ndimawerengera m'laibulale, ndipo ena timabwerekana. Amene munkabwera kwa ine ndi mafulashi okopera mafayilo, mwaona kuti ndimakukanizani. Si kunyada. Ndikudziwa kumene njala ya reshiyo imafikitsa munthu: ukatha kupereka za alendo, umayamba kuyang'ana za m'nyumba mwanu. Ngati pali wina pano amene ali ndi zithunzi za mlongo wake, mawu a mnzake, kapena zolemba za mphunzitsi zimene anapatsidwa mwa chikhulupiriro, ndipo pali gulu limene lingamuombere m'manja akazipereka, ndikumupempha akumbukire amalume anga atagwada pafumbi ku Chunga.

Miyezi isanu inapita osandiitana. Mwezi wathawu anandiimbira pa foni ya oyandikana nawo, n'kunena kuti ndipite Lamlungu masana. Ndinapeza foni yawo ili pa tebulo, yakufa. Inagwera m'chidebe pothirira ndiwo, ndipo wokonza mafoni m'tauni analephera kupulumutsa kanthu.

"Nyimbo ya Jesina inali umu," anatero. "N'nali n'tayambanso kuimvela."

Makaseti tinatentha. Makopi anga ndinafafaniza. Pomwepo ndinaona mpata wokonza kanthu.

"Amalume, ku Romania kuyenera kuti alipo wina amene sanafafanize. Ndikalembera Mihai, akhoza kufunsa. M'masiku awiri ndikhoza kuipeza."

"Nidziwa kuti ungaipeze. Nifukwa chake nakuitana, kuti nione ngati uzakamba zimenezo." Anapukusa mutu. "Unawapempha kuti afafanize. Lelo ukawapemphe kuti abweze? Ndiye kuti amene anakumvela ni opusa, wochenjela ni uja anasunga. Iyayi. Mkazi wanga sinizamupempha kwa alendo."

Ndinaweramitsa mutu. Ndinaganiza kuti andiitanira kuti ndione kukula kwa chimene ndinaononga, ndipo ndinavomereza kuti n'koyenera.

"Foni yako ili kuti?"

Ndinaitulutsa.

"Zima. Ika apa."

Ndinaizimitsa, ndinaiika pa tebulo pambali pa yakufa ija. Anaiyang'ana mpaka anakhutira kuti yazimadi. Kenako anakhosomola, anaika manja pa mawondo, ndipo munthu amene sanaimbepo nyimbo ina kupatula za m'buku la mpingo kwa zaka zoposa makumi atatu anayamba kuimba nyimbo ya mayi Jesina. Mawu anali okalamba, ndipo pa ndime yachiwiri anaduka. Anayambiranso. Atamaliza anati, "Manje iwe." Ndinalakwitsa, anandikonza. Tinabwereza mpaka ndinaigwira yonse.

"Ine nakalamba, niyamba kuiwala," anatero. "Payenela kukhala wina wa pabanja woisunga. Uisunge apa." Anandigunda pachifuwa ndi chala, mwamphamvu ndithu, mpaka ndinamva kuwawa. "Apa palibe mbendela."

Kiyi sanandibwezere, ndipo sindinawapemphe. Koma nyimboyo ndili nayo, ndime zonse zitatu, ndipo pano pamene ndaima ndikuimva. Ndikudziwa kuti ena mukufuna kudziwa mmene imamvekera. Musandipemphe.